Dzina la Galimoto Lili Pansi pa Matope

Atsibweni anandiimbira foni usiku, ndipo uthenga wonse unali mawu atatu: galimoto yathyoka msana. Kutacha ndinakwera minibasi mu Lilongwe, tinapatukira msewu wa ku Bunda, phiri la Bunda likukula pang'onopang'ono kutsogolo kwathu mpaka tinalisiya pambali pamodzi ndi koleji ya zaulimi. Pa Mitundu linali tsiku la msika. Ngolo za ng'ombe zinali zitafola m'mbali mwa msewu, mavenda atapachika masikelo awo podikira soya ndi mtedza, akabaza akuliza mabelu pakati pa anthu, njinga zina zitasenza matumba a makala otalika kuposa wopalasayo. Utsi wa pa chiwaya unasakanikirana ndi fumbi.

Galaja ya makaniko wa atsibweni ili kuseri kwa magolosale, ngakhale kuti kuitcha galaja n'kuilemekeza: ndi bwalo lodetsedwa ndi oyilo pansi pa mtengo wa mango, panthambi yaikulu atamangapo tcheni chokwezera injini. Pamenepo ndi pomwe panaima Land Cruiser ya atsibweni, yopanda denga kumbuyo, ya mtundu wa 75. Toyota idayamba kupanga magalimoto a gulu la 70 mu 1984, ndipo mtundu wa 75 udalekeka mu 1999, choncho galimotoyi ndi nkhalamba. Yanyamulapo mabelo a fodya opita ku okushoni ku Kanengo, feteleza, amayi oyembekezera pakati pa usiku, maliro, akwati. Injini yake ya dizilo, 1HZ ya malita 4.2 ndi masilinda 6, ikulirabe ngati ya dzulo. Chomwe chatopa ndi chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero ogona, pomwe pamakhala injini, giyabokosi, masipuling'i ndi bodi yonse. Chathyoka kumbuyo kwa kabini, pomwe katundu amatsamira kwambiri. Matope a m'madambo adalowa m'kati mwa chitsulocho zaka zambiri, feteleza wotayika n'kuwonjezera, dzimbiri n'kudya kuchokera m'kati ngati chiswe. Awotchererapo katatu. Chigamba chachitatu chang'ambika pambali pa chachiwiri.

Makaniko wake ndi bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Atandilonjera sanayambe ndi mng'aluwo ayi. Anauza mnyamata wake kuti akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, anagwada kuseri kwa tayala lakutsogolo la kumanja, nayamba kupala chitsulo ndi bulashi yawaya. Matope ouma anagwa zibuluma. Anathirapo dizilo pang'ono, kupukuta ndi sanza, kenako kupaka choko n'kufufuta ndi chala. Choko chinatsalira m'timaenje, ndipo zilembo zinatuluka zoyera pachitsulo chakuda: HZJ75, kamzere, ndi manambala 7.

"Mwaliona dzina lake, achimwene?" anandifunsa. "HZ ndi injini, J ndi Land Cruiser, 75 ndi thupi. Zinazo ndi zake zokha."

Anatsegula boneti nandionetsa kachitsulo kopyapyala kokhomedwa ndi maliveti kukhoma la kuseri kwa injini, kolembedwa nambala yomweyo. Kenako nambala ya injini, yodindidwa painjini penipenipo. Atsibweni anatulutsa bulubuku m'jumbo, tinawerenga chilembo ndi chilembo, wina akutchula wina akuloza. Zonse zinagwirizana.

Anthu ambiri amamva kuti nambala ya galimoto imakhala ndi zilembo 17, ndiye akapeza yaifupi amayamba mantha. Ya zilembo 17 ija idakhazikika m'maiko ambiri kuyambira cha mu 1981, ndipo ili ndi malamulo ake: simupezamo I, O kapena Q, poopa kusokoneza ndi 1 ndi 0. Zilembo zitatu zoyamba zimanena wopanga ndi dziko. Yoyamba ndi JT ndi Toyota ya ku Japan, AHT ndi Toyota ya ku South Africa monga ma Hilux ambiri a kuno, SAL ndi Land Rover. Koma galimoto zopangidwira msika wa ku Japan komweko, zomwe zimatipeza zitayendako kale kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, zimabwera ndi nambala yaifupi ya mtundu wa galimoto ndi manambala otsatira. Imeneyo si yachinyengo. Ya atsibweni nayo ndi ya kalembedwe kakale komweko.

Chasisi china chinamveka kuti chili pa Nathenje, chotsala pa galimoto ya mtundu womwewo yomwe idagubuduzika bodi n'kuphwanyikiratu. Tinapita atatu pa njinga zamoto, kudzera msewu wafumbi wa m'midzi m'malo mozungulira ku tauni. Ulendo umenewu ndi womwe umakuuza chimene chimapha zitsulo kuno. Msewu uli ndi mabampu ang'onoang'ono ondondozana ngati malata, ogwedeza mano. Pamadambo pali mikwasa yakuya yomwe malole adasiya dzinja latha, youma gwa. Tinadutsa zigafa zopanda fodya, minda yokololedwa mapesi atagona, madimba obiriwira a tomato ndi kabichi, ana akutikuwira. Galimoto yolemedwa ikamadutsa pano, tayala limodzi m'dzenje lina pamtunda, chasisi chimapotoka ngati nsalu yofinyidwa, kenako n'kubwerera. Chikatero zaka makumi awiri, chimatopa.

Pa Nathenje phokoso ndi lina. Apa ndi pa M1, malole a ku Dedza ndi ku Blantyre akudutsa osapuma, maminibasi akuitanira a ku Nkhoma. Bwalo la zitsulo lili chakumbuyo, lotchingidwa ndi malata akale. Zitseko za magalimoto zoyedzamira khoma, madifu, mulu wa masipuling'i, nkhuku ikuikira m'kabini yopanda magalasi. Pakona panali Land Rover yakale udzu utamera pansi pake. Makaniko anaigogoda podutsa nandiuza kuti bodi yake ya aluminiyamu singachite dzimbiri, koma chasisi chake chachitsulo chimaola, ndipo nambala yake nayo amaidinda chakutsogolo kumanja pafupi ndi sipuling'i. Ku England, komwe Defender yakale idalekeka ku Solihull mu 2016, kusintha chasisi ndi ntchito yodziwika, ndipo alipo makampani opanga zatsopano zothiridwa zinki. Kuno chasisi chatsopano ndi cha galimoto ina yomwe idafa.

Chomwe tidadzera chinali chitagona pa matayala akale. Bambo aja anachizungulira kawiri osanena kanthu. Anachimenya ndi hamala malo ndi malo, akutchera khutu: chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimayankha mogontha. Anatulutsa chingwe nayeza mopingasa, kuchokera kona yakutsogolo kumanzere kufika yakumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana ndiye kuti ngozi ija idachipinda, ndipo galimoto idzayenda chankhanu n'kumadya matayala. Inafanana. Kenako anagwadanso pamalo paja ndi bulashi ndi choko. Nambala itaoneka sanakhutire ndi maso. Anayendetsa chala pamwamba pake, pansi pake, ndi kuseri kwa chitsulo, kufuna kumva ngati pali msoko wowotcherera kapena posalala mopitirira pomwe padadutsa gulayinda. Anayang'ana ngati zilembo zili pamzere umodzi ndi kuya kofanana, chifukwa makina a kufakitale sadinda mokhotakhota ngati dzanja la munthu. Pomaliza anapempha mwini bwalo mapepala a galimoto yakufayo. Anatenga nthawi kuwapeza, koma anabwera nawo, ndipo nambala inali yomweyo.

Apa ndi pomwe mnyamata wina wa pabwalopo anatiyandikira ndi nzeru yake. Anati tisadzivutitse ndi maofesi: tidule kachigawo ka nambala pa chasisi chakale, tikawotcherere pa ichi, tipale bwino, tipake penti, bulubuku likhale lomwe lija. Atsibweni anakhala chete, ndipo ndinaona kuti akuganizira. Sindiwaweruza. Munthu amene ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka, fodya akagulidwa, tsiku lililonse lopita ku tauni amaliwerengera m'matumba a feteleza.

"Madala, imeneyo ine sindigwira," anatero makaniko, osakweza mawu. "Mukatero galimoto yanu yomwe mwaisandutsa yakuba."

Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Kudula ndi kusamutsa nambala ndi ntchito yeniyeni ya akuba magalimoto, ndipo ndi mlandu. Wapolisi kapena woyeza galimoto pa COF akapeza msoko pozungulira nambala alibe njira yosiyanitsira mlimi wosauka wa ku Mitundu ndi mbava. Nambala imeneyi ndi yomwe a MRA adalemba galimoto ikulowa m'dziko, yomwe apolisi a Interpol adafufuza, yomwe ili mu kompyuta ya MalTIS ku Road Traffic, yomwe a inshulansi adzafunse tsiku la ngozi ndi a pachipata cha Dedza mukafuna kuolokera ku Mozambique. Galimoto yomwe yadyetsa banja zaka zonsezi ikhoza kukathera pabwalo la polisi, matayala ataphwa, chifukwa cha chigamba chosakwana chikhatho. Ndipo amene adzaigule mawa, mwina mphunzitsi wopuma ntchito ndi ndalama zake za penshoni, ndiye adzasenze mlandu womwe sadaudziwe.

Bambo aja anayala dongosolo lawo tili chiimire. Kalata yogulitsirana ilembedwe lero, nambala zonse ziwiri zilembedwemo, mboni zisayine. Chasisi chakale chisagulitsidwe kwa ogula zitsulo, chisungidwe ndi nambala yake mpaka nkhani ithe. Ndipo bawuti ngakhale imodzi isamasulidwe atsibweni asanakaonekere ku Road Traffic ndi kupolisi ndi mapepala a galimoto zonse ziwiri, kuti kusinthaku kulembedwe. Ntchito yeniyeniyo saiopa: kumasula mapaipi a mabuleki ndi a dizilo, mawaya, chiwongolero, kukweza kabini ndi tcheni pa mango paja, kutsitsa injini ndi giyabokosi, kusamutsa maekiselo. Anangopempha mabushi atsopano ndi mapaipi a mabuleki atsopano, ndi oyilo wakutha wothira m'kati mwa chitsulo chisanabwerere kumatope.

Tisanachoke anang'amba tsamba m'kope la mwini bwalo, kuliyala pa nambala ija, n'kukhwekhweza ndi pensulo mpaka zilembo zinaonekera papepala. Anandipatsa kuti ndisunge pamodzi ndi lina lomwe adakhwekhweza m'mawa ku Mitundu. Dzuwa linali litapendeka. Atsibweni anapita kukakambirana mtengo wa lole yodzanyamula chasisicho, ine ndinaima m'mbali mwa M1 kudikira minibasi ya ku Lilongwe, mapepala awiri aja ali m'thumba la malaya, akununkha dizilo.