Mwini Dzina ndi Mwini Nthungo

Ife a ku Dzaleka tinakula tikumva dzina la Chiwere ngati kuti ufumu wa Angoni a m'mapiri a Dowa unayambira pa iye. Komatu Chiwere sanali wa kubanja lachifumu. Iye anali Ndhlovu, Mnsenga amene anagwidwa pa nkhondo, nakulira pakati pa Angoni mpaka anasanduka mtsogoleri wa ankhondo. Magazi a ufumu anali a Ajere, fuko la Zwangendaba, ndipo dzinali lidakalipo ku Ntchisi kwa Vuso Jere. Koma pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankafuna malo a mishoni ya Mvera mu 1889, anakapempha kwa Chiwere. Alendowo anaona okha kumene kunali nthungo.

Zimenezi ndazikumbuka powerenga mbiri ya dziko la Japan. Kumeneko mfumu yaikulu inkakhala ku Kyoto, anthu akuilemekeza ngati mwana wa milungu, koma dziko linali m'manja mwa mkulu wa ankhondo wotchedwa shogun. Minamoto no Yoritomo analandira udindowu mu 1192 ndipo ankalamulira ali ku Kamakura. Iye atamwalira mu 1199, akuchikazi kwake, a banja la Hojo, anachita kwa ana ake zomwe iye anachita kwa mfumu ija. Kuyambira 1203 mpaka 1333 ankalamulira ndiwo, pomati iwo ndi ongolera shogun basi. Mu 1219, mbewu ya Yoritomo itatha, anakatenga kamwana koyamwa ku Kyoto kuti kadzakhale pampandowo. Taganizani, anzanga: mfumu kumbuyo kwake kuli shogun, shogun kumbuyo kwake kuli mlezi!

Chondizunguza mutu n'chakuti a Hojo, pokhala ndi malupanga onse aja, sanadzitche shogun ngakhale tsiku limodzi. Ena amati kunali kulemekeza mwambo. Ine ndikuona kuchenjera, pakuti wolamulira m'dzina la mwini wake zikavuta amaloza mwini dzinayo. Chiwere sanabisale chotero. Ufumu anaunyamula m'dzina lake, ndipo lero ana a sukulu amalemba kuti kwao ndi kwa Chiwere osafunsa kuti agogo ake anali yani. A Hojo anatha mu 1333, pamene adani analowa mu Kamakura, mazanamazana a iwo nadzipha okha m'kachisi, koma banja la mfumu ya ku Kyoto likadali pampando.