Kalata kwa mwana wanga: za mphepo yozizira ya m'vaneti

Chelstone, Lusaka

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse ku Chipata, iwe, mkamwini wanga ndi mdzukulu wanga. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latikhalira pamutu.

Amayi ako andiuza kuti vaneti mwagula ija ikudontha madzi pansi ukaimika, ndipo wina wakuuza kuti gasi wa AC watha, uwonjezere. Usatulutse ndalama kaye. Pa foni sindingalongosole bwino, ndiye ndati ndilembe, uwerenge mofatsa. Msewu wa Great East wochoka kwanuko kufika kuno ndi wa makilomita oposa 500, uziuyenda kawirikawiri ndiponso ndi mwana kumbuyo. Ndikufuna uwadziwe makina amene uziwadalirawo.

Chachikulu n'chakuti AC sipanga kuzizira. Ntchito yake ndi kunyamula kutentha kwa mkati mwa galimoto n'kukakutaya kunja. Ukagwira mfundo imeneyi, zina zonse uzizimvetsa wekha.

Kumbukira mtsuko wa agogo ako ku Katete. Madzi ake ankazizira ngakhale masana a chilimwe, chifukwa dothi linkatulutsa timadzi kunja pang'onopang'ono, ndipo timadzito pouma tinkapita ndi kutentha kwa madzi a mkati. Chamadzimadzi chilichonse chikamasanduka nthunzi chimameza kutentha kwa zomwe chayandikana nazo. M'mapaipi a AC yako muli gasi wotchedwa R134a. Madzi amawira pa madigiri 100, kuno ku Lusaka kucheperako pang'ono poti tili pamtunda, koma gasi ameneyu ukamusiya poyera amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro. Ndiye kuti ngakhale mpweya wamba wa m'galimoto ndi moto wokwanira kumuwiritsa.

Tsiku lina utsegule boneti injini ikulira, mkamwini adine batani la A/C. Umva kaphokoso koti "tcha!" ndipo injini isintha kaliridwe pang'ono. Ameneyo ndi maginito akugwira kompuresa kuti iyambe kuzunguzidwa ndi lamba wa injini. Kompuresa imapanikiza gasi, ndipo gasi akapanikizidwa amatentha kuposa mpweya wa kunja. Pakapita mphindi zochepa, yang'ana mapaipi awiri olowera kumbuyo kwa dashibodi. Yaing'ono ikhala yofunda, yaikulu ikhala yozizira, itachita mame. Ukhoza kuigwira, koma umange bwino chitenje ndi tsitsi, manja akhale kutali ndi lamba ndi fani.

Gasi wotenthayo amapita ku kondensa, chinthu chofanana ndi redieta chomwe chimakhala kutsogolo kwa redieta yeniyeniyo. Mphepo ikamadutsa m'timipata take imachotsa kutentha, gasi n'kusanduka wamadzimadzi. Apa ndi pamene kutentha kwa mkati mwa galimoto kumatayidwa, ndipo apa ndi pamene mavaneti amavutikira kuposa magalimoto a m'tauni. Hilux, Ranger kapena Isuzu yopita kumunda imabwerako kondensa itadzaza njere za udzu, tizilombo ndi fumbi lofiira. Ena amaikanso zitsulo zazikulu ndi manyali kutsogolo, mphepo n'kusowa podutsa. Ambiri amene amabwera ku garaja akudandaula kuti AC yafooka, ndimayamba ndawasuzumiritsa pamenepa. Uziitsuka ndi madzi oyenda mofatsa, osati a mphamvu aja a kotsukira magalimoto, chifukwa timasamba take tachitsulo n'topyapyala, sitichedwa kupindika. Usadabwenso AC ikamachepa mphamvu mutaunjikana pa Munali kapena pa Manda Hill madzulo. Galimoto ikaima, mphepo yodutsa m'kondensa ndi yokokedwa ndi fani yokha basi.

Kuchoka ku kondensa gasi amadutsa m'kabotolo komwe kamamuchotsa chinyezi, kenako amapanikizika pa kabowo kakang'ono kwambiri. Akangodutsa pakabowopo amamasuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuwira mkati mwa evaporator, yomwe ili kuseri kwa dashibodi. Fani ya mkati imakankha mpweya kudutsa m'chitsulo chozizirachi, mpweyawo n'kusiya kutentha kwake pomwepo. Gasi amabwerera ku kompuresa, ulendo n'kuyambiranso.

Tsopano madzi aja. Mpweya wofunda ukakhudza chitsulo chozizira umasiya mame. Mamewo amasonkhana n'kutsika ndi kapaipi kotulukira pansi pa galimoto. Ndiye madzi ukuwaonawo akusonyeza kuti AC ikugwira ntchito yake. Uwagwire ndi chala: akakhala oyera, osanunkha, osaterera, mtima pansi. Akakhala ofiirira kapena obiriwira, oterera, amenewo ndi a mu redieta ndipo usayende nayo ulendo wautali. Vuto lenileni limakhala pamene madziwo asiya kudontha kunja n'kuyamba kunyowetsa kapeti, chifukwa ndiye kuti kapaipi kaja katsekeka ndi matope.

Za gasi kutha, mvetsa bwino: gasi sapsa ngati dizilo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa msanga, penapake pakutuluka. Malo otulukirawo nthawi zambiri amaoneka ndi fumbi lonyowa ndi mafuta polumikizira mapaipi, popeza gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wapeza pobowoka, n'kukonza, n'kukoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu, kenako n'kuthira gasi pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa kapepala komatidwa mu boneti. Wongobwera ndi botolo n'kumathira mongoyerekeza mpaka mphepo izizire, umukane ngakhale atchipitse bwanji. Gasi wopitirira muyezo amaononga kompuresa, ndipo gasi wosadziwika komwe wachokera akhoza kukhala woyaka.

Palinso chifukwa china chimene sindifunira gasi ameneyu kumangotayidwa. Kale magalimoto ankagwiritsa ntchito R12, yemwe anapezeka kuti akuononga ozoni, mpweya wa kumwamba wotiteteza ku ukali wa dzuwa. Mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti asiye magasi oterewa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 opanga magalimoto anasamukira ku R134a. Ameneyu ozoni samukhudza, koma kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko pafupifupi ka 1,430 kuposa kilogalamu ya carbon dioxide. N'chifukwa chake mu 2016 ku Kigali mayiko anagwirizananso zomuchepetsa, ndipo ku Ulaya magalimoto atsopano ang'onoang'ono anasiya kumuthira kuyambira 2017, ambiri n'kutenga R1234yf. Magasiwa sasakanizidwa. Ife amene tinagona mumdima mu 2024, mvula itakana ndipo madzi a ku Kariba atatsika, nkhani za nyengo sitingazitengenso mwachibwana.

Tibwere ku batani la AUTO, lomwe amayi ako akuti umaopa kulidina. Si zatsopano ayi. Kampani ya Packard ku America inayamba kugulitsa magalimoto a AC mu 1939, ndipo Cadillac inatulutsa yodzisinthira yokha mu 1964. Masiku ano ntchitoyo imagwiridwa ndi kakompyuta komwe kamamvera timasensa tingapo. Kena kamayeza kutentha kwa mkati, kamabisala kuseri kwa timipata ting'onoting'ono pafupi ndi chiwongolero. Kena kali kutsogolo, cha ku bampala, kamayeza kwa kunja. Kena kali pa evaporator, kamazimitsa kompuresa chitsulocho chisanachite ayezi. Ndiye pali kakuda kozungulira pamwamba pa dashibodi, pafupi ndi galasi, kamene kamamva ukali wa dzuwa.

Ukaika 22 kapena 23, kakompyutako kamafanizira nambala imeneyo ndi zomwe timasensa tikunena. Kuseri kwa dashibodi kulinso karedieta kakang'ono kodutsa madzi otentha a injini, ndipo pakati pake ndi evaporator pali kachitseko koyendetsedwa ndi kamota. Kachitsekoko kamasakaniza mpweya wozizira ndi wofunda mpaka muyezo ukwane. Kakompyuta komweko ndi kamene kamasankha liwiro la fani ndi kotulukira mphepo, kumaso, kumapazi kapena kugalasi. Mavaneti ena ali ndi tizitseko tiwiri, kuti woyendetsa ndi wokhala pambali aliyense asankhe nambala yake.

Anthu ambiri kuno amakonda kuyala kapeti pa dashibodi poteteza pulasitiki kuti isang'ambike ndi dzuwa. Maganizo ndi abwino, koma akaphimba kasensa kakuda kaja, makinawo amayesa kuti kunja kuli mthunzi ndipo amachepetsa mphamvu munthu ukupsa. Chipewa, foni kapena mapepala a ku ofesi zimachitanso chimodzimodzi. Ngati uyalapo kanthu, uboole pamalo pakepo. Komanso usamathamangire kutsitsa nambala mpaka LO poganiza kuti muzizira msanga. Mkati mukatentha kwambiri, AUTO imayamba ndi mphamvu zake zonse ngakhale waika 23, kenako n'kumafatsa yokha. Ukaika LO umangoiuza kuti isiye kumvera timasensa, mapeto ake mwana n'kumanjenjemera kumbuyo.

Galimoto ikakhala padzuwa, yamba watsegula mawindo mphindi imodzi kapena ziwiri ukuyenda, mpweya wowotcha utuluke. Kenako tseka n'kudina batani lojambulidwa kamuvi kokhota mkati mwa galimoto. Limeneli limatseka mpweya wa kunja n'kumazunguza wa mkati womwewo, ndipo ndi lothandiza kwambiri ukakhala kumbuyo kwa lole yofuka utsi kapena pa msewu wa fumbi. Koma paulendo wautali uzilizimitsako. Anthu angapo akamapuma mpweya womwewomwewo nthawi yaitali, mutu umalemera, tulo n'kuyamba kubwera, ndipo tulo ta pa chiwongolero ndimatiopa kuposa thukuta.

Mvula ikayamba, AC idzakuthandiza mwanjira ina. Ukadzapeza chimvula pakati pa Petauke ndi Nyimba, magalasi n'kuchita nkhungu mkati, usadzapukute ndi dzanja galimoto ikuyenda. Dina batani la galasi lakutsogolo, A/C ikhale yoyaka, mpweya ukhale wochokera kunja. Evaporator imaumitsa mpweya, ndipo mpweya wouma ndi umene umachotsa nkhunguyo. Ngati kukuzizira, kweza nambala koma A/C usaizimitse.

Inde, AC imamwa mafuta, poti kompuresa imakoka mphamvu ku injini. Koma usazunze mwana ndi kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa chifukwa choumira dizilo wochepa. Pamene ndikufuna ukhale tcheru ndi pa zitunda. Ukawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera cha ku Manenekera kumbuyo kuli matumba a chimanga, injini imakhala ikugwira ntchito yolemetsa, ndipo mphepo yofika pa redieta imakhala itatenthetsedwa kale ndi kondensa. Diso lizipita pa kamuvi ka kutentha. Kakayamba kukwera, zimitsa A/C, tsegula mawindo, tsitsa giya. Kakapitirirabe, ima pamalo oonekera bwino ndipo usatsegule chivundikiro cha redieta ikadali yotentha.

Tsono nachi chimene chandilembetsa kalatayi kuposa zonse. Injini ikazima, kompuresa imaima, ndipo palibenso chonyamula kutentha kupita nako kunja, pamene dzuwa likulowabe pamagalasi. Kuzizira kumene umakusiya m'galimoto potsika sikukhalitsa. M'mphindi 10 zokha kutentha kwa mkati kumatha kukwera ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo kumapitirirabe. Kusiya windo lotsegula pang'ono sikusintha zambiri. Thupi la mwana limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la wamkulu, ndipo mwana womangidwa pa mpando wakumbuyo, kuseri kwa magalasi akuda, wodutsa sangamuone. Ndikukupempha, mayi wanga: usadzamusiye mdzukulu wanga m'vanetimo, ngakhale akugona tulo tabwino bwanji, ngakhale ukungolowa m'sitolo kukagula buledi. Umudzutse, umubereke. Kusiya injini ikulira si mankhwala, chifukwa ikhoza kuzima iwe kulibe. Umuuzenso mkamwini ndi aliyense amene angayendetse galimotoyo. Nawenso usadzagone mkati injini ikulira pamalo otsekeka, chifukwa utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wosanunkha.

Zotsala n'zazing'ono. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, uziyatsa AC mphindi zingapo sabata iliyonse kuti mafuta azungulire, mphira za m'mapaipi zisaume. Mphepo ikayamba kutuluka mofooka kapena kununkha chinyontho, yang'ana sefa yomwe ili kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi kumanzere. Ndi fumbi la kwanuko, sidikira nthawi yolembedwa m'buku.

Ulendo wako wotsatira wa ku Lusaka, ukangoona thanki ya madzi ya Chelstone ukhotere kunyumba usanapite m'tauni. Ndiyezeko mapaipi, ndione lamba ndi kondensa, ndikuonetsenso timasensa tija kamodzikamodzi. Ubwere ndi buku la galimotoyo ngati amene anakugulitsani anakupatsani. Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti usaiwale mtedza.

Ine bambo ako.