Matcheni a M'dzinja

Ku Canada, chipale chofewa chikakuta misewu, oyendetsa makina amamanga matcheni pa matayala kuti asaterereke. Kuno ku Katete chipalecho timangochiona pa foni, koma matcheni omwewo timawadziwa. Mdani wathu ife ndi matope, ndipo safuna kuitanidwa: amafika mu Novembala, amachoka mu Epulo.

Ine ndimayendetsa Bobcat, kamakina kakang'ono kotapira mchenga ndi miyala. Matayala ake anayi sakhota ngati a galimoto. Ukafuna kutembenuka, a mbali imodzi amathamanga kuposa a mbali inayo, kamakinako n'kuzungulira kakukhuluza pansi. M'chilimwe palibe vuto. Koma mvula ikagwa, kukhuluzako kumasandutsa bwalo lonse phala, iwe n'kumangovina malo amodzi dizilo akupsa.

Za matcheni anandiphunzitsa ndi amalume, amene anakalambira pa chiwongolero cha lole m'misewu ya fumbi ya ku Chadiza ndi Vubwi, kale Vubwi isanakhale boma payokha mu 2012. Ankati: "Mphwanga, tcheni ndi dzino. Dzino limafuna choluma." Ngati pansi pa matope pali nthaka yolimba, tcheni imaboola n'kugwira. Koma m'dambo, momwe matope alibe polekezera, imangokukumbira manda mpaka makina atakhala pamimba. Pamenepo pamafunika nthambi, miyala ndi kudekha.

Kamangidwe kake sikovuta. Umayala tcheni pa tayala, n'kukola ndowe ya mkati poyamba, kenako ya kunja. Ukayenda pang'ono umatsika n'kukungitsanso, chifukwa yolendewera imamenya thupi la makina kapena kuvuka. Ukafika pa tala wa Great East Road umachotsa, apo ayi udya tcheni, tayala ndi msewu womwe.

Januwale wina bwana anatituma kuseri kwa Sinda. Lole yonyamula feteleza wa Urea inali itagona masiku awiri pa chitunda choterera, uku chimanga m'minda chikuyamba chikasu. Alimi anali atazinga loleyo ngati pa maliro. Ndinamanga matcheni, n'kuyamba kupala matope a pamwamba ndi kuthira miyala m'mikwasa ya matayala. Dzuwa likupendeka, lole inabuula, inagwedezeka, n'kukwera. Gogo wina anandigwira dzanja lamatope lomwelo.

"Mwanangu, mukanachedwa sabata ina, feteleza uyu tikanathira mapesi."

"Zikomo agogo," ndinayankha, "koma yagwira ntchito ndi tcheni."

Anaseka. "Tcheniyo inadzimanga yokha?"

Anzanga a m'komboni amandinena kuti ndimasamala zitsulo zadzimbiri ngati mkazi. N'zoona, mvula ikatha ndimazitsuka, kuzipaka oilo ndi kuzipachika m'nyumba, osati panja. Iwo amaona dzimbiri. Ine ndimaona thumba la ufa limene adzagule ku Katete Stores mwezi wa Okutobala, chifukwa mtengo wake umayambira kutali, pa chitunda china chake pamene feteleza anafika pa nthawi kapena anachedwa.

Tonse tikufuna tala afike kumidzi kwathu, ndipo tisaleke kufunsa makhansala ndi aphungu athu za misewuyi. Koma chimanga sichidikira bajeti. Mitambo ikayamba kuda pamwamba pa mapiri a Mphangwe, ine ndimatsitsa matcheni anga, n'kuyamba kuona mfundo imodziimodzi ngati ili yolimba.