Pa Nkaya, pomwe njanji zimagawikana



Sabata yatha ndimaphunzitsa Fomu 3 za mayendedwe a katundu. Nditajambula njanji pa bolodi, ndinaika kadontho kum'mwera kwa Balaka n'kulemba kuti Nkaya. Mtsikana wina wochokera kumeneko anaseka. Akuti, “Aphunzitsi, kwathu mwakuchepetsa.” Sanali kunama.

Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima inatsegulidwa mu 1935, koma Nkaya inatchuka mu 1970, pomwe anatsegula njanji yopatuka pamenepa kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique. Kuchokera apo katundu wathu anayamba kufika ku doko la Nacala, osangodalira Beira. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njirayi mu 1984 mpaka 1989.

Ine ndinayamba kudutsa pa Nkaya ndili mwana, ndi agogo anga aakazi, tikupita ku Liwonde. Sitima ikaima pamenepa, imaima ndithu! Amayi amabwera m'mawindo ndi malichero a chinangwa chophika, mbatata ndi nsomba zokazinga. Ena amakweza matumba a chimanga, nkhuku, ngakhale njinga. Agogo amati nthawi ya sitima amaidziwa ndi Mulungu yekha, ndiye amanyamuliratu kamba wa masiku awiri. Panthawiyo inali Malawi Railways. Mu 1999 ntchitoyi inapita m'manja mwa CEAR.

Kenako kunabwera malasha. Kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yatsopano kuchoka ku Moatize, kudzera ku Mwanza ndi Neno, kudzalumikiza pa Nkaya pomwepa, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Amene munaionapo sitima ya malasha mukudziwa: umayamba kuwerenga mabogi, n'kutopa usanafike kumapeto.

Apa m'pomwe mtsikana uja anandigwira. Anafunsa kuti, “Nanga ngati kwathu kuli kofunika chonchi, bwanji mayi anga amavutika kupititsa tomato ku Limbe?” Ndinayamba kufotokoza kuti sitima ya malasha ili ndi ntchito yake, ndipo ya anthu sibweretsa ndalama zambiri. Ndili pakati, ndinaona ndekha kuti ndikuyankha funso la mayeso, osati lake.

Ndamuuza akafunse mayi ake ndi agogo ake mmene ankayendera kale, adzatiwerengere Lolemba. Ngati alipo wina mwa inu amene anakulira pa Nkaya, chonde mundilembere.