Mpando ukapita, manambala a foni amatsala

Amalume anga a ku Songani ali ndi muyeso umodzi wa phungu: wagula mabokosi angati a maliro? Za malamulo safuna n'kumva komwe. "Lamulo tidya?" amatero.

Tinakangana kwambiri mu April 2018, Mayi Joyce Banda atangobwerera kumudzi patatha pafupifupi zaka zinayi ali kunja. Ife a ku Domasi timawatenga ngati athuathu. Kwawo ndi kwa Malemia, ndipo mu 2004 anthu a Zomba Malosa anawatuma ku Nyumba ya Malamulo. Kenako unduna, wachiwiri kwa pulezidenti mu 2009, pulezidenti mu 2012. Mu 2014 anagwa pachisankho, nkhani ya Cashgate ili pakamwa pa aliyense.

"Nanga kunjako amagwira ntchito yanji?" anafunsa amalume.

Ndinawauza kuti nthawi ina anali ku Wilson Center ku Washington, kulemba ndi kulankhula za atsikana ndi utsogoleri wa amayi, kukopa anthu a ndalama ndi a mphamvu kuti achitepo kanthu.

"Aaa, iwe. Kupemphetsa kovala suti kumeneko."

Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala. Ku America komweko, aphungu ambiri akale amalembedwa ntchito ndi makampani kuti azikanyengerera anzawo amene akadali m'nyumbamo. Malamulo amalola, bola alembetse. Chomwe amagulitsa si nzeru kwenikweni ayi, koma kuti akaimba foni, nduna imayankha. Mayi Banda ankakopera anthu nkhani ya atsikana, osati ya kampani, ndipo kusiyanako n'kwakukulu. Komabe pali chimene chimandisowetsa mtendere. Phungu akatikwana timamuchotsa ndi voti. Nanga munthu amene akulankhula m'dzina lathu m'chipinda chakutali, wopanda mpando, timamufunsa bwanji kuti wanena chiyani?

Ngakhale zili choncho, sindingakhale mbali ya amalume. Mu 2006, Mayi Banda ali nduna yoona za amayi, aphungu anavomereza lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja. Linadutsa chifukwa cha kunyengerera komweku, kugogoda pakhomo la uyu ndi uyo. Patapita zaka, achemwali anga anafika kwathu usiku, diso lotupa, mwana kumbuyo. Ankhoswe anati banja ndi kupirira. Khoti silinatero: linalamula alamu athu kuti asayandikirenso.

Ndinawakumbutsa amalume kuti amene anaperekeza achemwali kukhoti tsiku lija, pa minibasi yopita ku Zomba, anali iwo omwe.

Anakhala chete, akuyang'ana cha ku phiri la Malosa. Kenako anati, "Koma ya minibasi ija ndinalipira ndine, osati phungu."