Makina ndagula ndi ndalama zanga, chilolezo choyatsira ndikapemphenso kwa ndani?

Abale anga okonda magemu, amene muli kumudzi ndi amene tili kunja kuno, pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Makampani opanga PlayStation, Xbox ndi magemu ake akutikankhira pang'onopang'ono ku nthawi yoti makina asamagwire ntchito popanda intaneti, ngakhale munthu ukusewera wekha m'chipinda mwako. Osewera ambiri akukana zimenezi, ndipo ena amawanena kuti ndi otsalira. Ine ndili mbali ya okanawo, chifukwa ndaona mmene gemu imaseweredwera kuno ku Manchester ndi mmene imaseweredwera kwathu ku Ndirande.

Kuno intaneti ya m'nyumba umalipira kamodzi pamwezi, ndipo palibe amene amawerenga kuti watha magigabaiti angati. Ukagula gemu yatsopano n'kulowetsa disiki, makina amayamba akuuza kuti udikire adawunilode zina. Magemu ena a Call of Duty amapitirira 100GB. Munthu amangosiya makina oyaka n'kukagona, podzuka zonse zatha. Mnzanga wina wa kuntchito ali ndi PS5 yopanda n'komwe polowetsa disiki. Nditamufunsa kuti intaneti itavuta sabata yonse angatani, anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti zimenezo sanaziganizirepo. Sindikumuona wolakwa ayi. Munthu amaganiza malinga ndi kumene wakulira.

Tsono lowani m'kanyumba ka PlayStation kwathu. Muli ma TV awiri pakhoma, benchi lalitali, ndi mapadi amene ena ndi omanga ndi selotepi. Anyamata akhala mothinana kudikira nthawi yawo, wogonja apereka padi kwa wotsatira, mwini malo akulemba m'kope amene walipira ndi amene wakongola. Magetsi akazima onse amafuula pamodzi, wina n'kuthamangira kukaliza jenereta. Makinawo ndi PS3 kapena PS4 yakale imene inabwera pa basi kuchokera ku Joni, ndipo disiki ya mpira imene ili mkatimo yadutsa kale m'manja mwa anthu angapo. M'kanyumba kameneka mulibe intaneti, ndipo sinafunikepo. Koma ndalama ya lendi, ya ufa ndi ya fizi ya ana ikuchokera momwemo. Mukamuuza mwini malo ameneyu kuti makina ake azilumikizana ndi kampani tsiku lililonse, mwamuuza kuti azigula bandulo ya pafoni tsiku lililonse, komanso kuti netiweki ikavuta azitseka bizinesi.

Mkangano umenewu sunayambe lero. Mu June 2013, Microsoft inalengeza kuti Xbox One izifuna kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse, apo ayi magemu sayaka. Inawonjezanso kuti disiki ukhoza kumupatsa mnzako kamodzi kokha, ndipo akhale woti wakhala pamndandanda wa anzako kwa masiku 30. Don Mattrick, amene ankatsogolera Xbox, atafunsidwa za anthu opanda intaneti anati amenewo akhoza kukhalabe ndi Xbox 360. Osewera anakwiya kwambiri. Sony inapezerapo mwayi: inatulutsa kakanema kakafupi kosonyeza mmene ungabwerekere mnzako gemu ya PS4, ndipo m'kanemamo munthu wina anangopereka disiki m'manja mwa mnzake, basi. PS4 inali ya madola 399 pamene Xbox One inali ya madola 499. Pa 19 June chaka chomwecho Microsoft inabweza ganizo lake. Anthu wamba anapambana chifukwa anakana mokweza mawu.

Koma chimene chinakanidwa chonse nthawi imodzi chakhala chikubwera pang'onopang'ono. Mu March 2022, Gran Turismo 7 inakhala maola oposa 30 anthu osatha kusewera mbali yaikulu ya gemuyo chifukwa ma seva anali otseka, ngakhale amene ankafuna kuthamangitsa galimoto okhaokha. Choipitsitsa chinachitikira The Crew, gemu ya Ubisoft ya mu 2014. Kumapeto kwa March 2024 kampaniyo inazimitsa ma seva ake, ndipo aliyense amene anali ndi disiki yake anatsala ndi chinthu chosagwira ntchito. Apa ndi pamene Ross Scott anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, imene mu 2025 inasonkhanitsa ma siginecha oposa 1 miliyoni m'maiko a European Union. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Gemu imene moyo wake uli pa kompyuta ya kampani kutali uko si yako, ngakhale risiti uli nalo.

Ife zimatikhudza kuposa anzathu a kuno pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Malawi sali pamndandanda wa maiko amene PlayStation Network imawazindikira. N'chifukwa chake anyamata kwathu potsegula akaunti amalemba kuti amakhala ku South Africa, ku UK kapena ku America. Mu May 2024, pamene Sony inalamula kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta akhale ndi akaunti ya PlayStation Network, gemuyo inachotsedwa pamsika wa Steam m'maiko oposa 170. Ndiye kuti akutiuza kuti tizilumikizana ndi malo amene dzina la dziko lathu kulibe. Chachiwiri, gemu ya mpira imene ambiri tinakulira, PES, inasintha mu 2021 n'kukhala eFootball, yopanda disiki, yongodawuniloda. Mwini kanyumba uja sangaigule kwa mnzake, sangaibwereke, sangaigulitse zinthu zikavuta.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Kusewera ndi anthu a maiko ena kumafuna intaneti, ndipo nanenso kumandisangalatsa. Pamenepo palibe mkangano. Makampani amaopanso magemu okopera, ndipo tisabise, kwathu makina otsegulidwa ndi magemu oikidwa pa hard drive alipo ambiri. Koma taonani amene lamulo lofuna intanetili limamupweteka. Wa gemu yokopera amasewera mosavutika ngakhale netiweki kulibe. Amene anasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule yeniyeni ndi amene amakhala akuyang'ana uthenga woti makina alephera kulumikizana. Lamulo lolanga wokhulupirika limangophunzitsa anthu kuti kukhulupirika n'kutaya ndalama.

Chinanso, kuno makina akakalamba amapita ku mashopu ngati CeX, kapena amaikidwa m'katoni kupita kwathu, kumene amakagwiranso ntchito zaka zambiri. Moyo wachiwiri umenewu umatheka chifukwa makina ndi disiki zimadziimira pazokha. Zikadalira ma seva, tsiku limene kampani yaona kuti phindu latha ndi tsiku limene zimafa, kaya zikadali zatsopano bwanji.

Kwa inu amene mukufuna kutumizira mng'ono wanu kapena mwana wa achemwali makina, chonde musatengeke ndi kutchipa kwa opanda disiki. Gulani okhala ndi polowetsa disiki. PS5 yocheperako imene inatuluka mu 2023 imafuna intaneti kamodzi kuti chowerengera disiki chiyambe kugwira ntchito, ndipo Xbox Series nayo imafuna intaneti poyikonza koyamba. Chitani zonsezi muli konkuno, mudawunilodenso ma update a gemu iliyonse musanatseke katoni. Ngati muli magemu ogula pa intaneti, yatsani Console Sharing and Offline Play pa PS5. Kenako zimitsani Wi-Fi, muyese gemu iliyonse kuti muone ngati ikuyaka. Imene yakana, musaitumize. Pulagi yokha isakudetseni nkhawa, ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi.

Ndipo tisakhale chete. Gemu yolembedwa pachikuto kuti imafuna intaneti nthawi zonse, pamene ndi yosewera munthu mmodzi, tiyeni tiziisiya pashelefu, ndipo tizinena poyera chifukwa chake. Makampani amenewa amamva msanga malonda akatsika, ndipo ife amene tikugula kunja kuno ndi amene ndalama zathu amaziwerenga. Tizigula moganizira abale athu amene mawu awo sakafika kumeneko.