Nkhungu ya ku Ixopo ndi Mbewu ya Mpiru

Msewu wochoka ku Durban kupita ku Ixopo, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, umakwera pang'onopang'ono kudutsa minda ya nzimbe ndi nkhalango za bulugamu, mpaka kukafika pa zitunda za udzu zimene nkhungu imazikuta m'mawa. Kumeneku n'kumene Alan Paton anayambira nkhani ya m'buku lake la mu 1948, Cry, the Beloved Country. Koma ine sindinapiteko chifukwa cha buku. Ndinapita patatha miyezi inayi mayi atatisiya kwathu ku Ntcheu. Uthenga unandipeza ndili pantchito ku Durban, ndipo pamene ndalama ya basi inakwana, manda anali atatsekedwa kale. Chiyambire tsikulo tulo tinandithawa.

Pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Umkomaas pali malo otchedwa Buddhist Retreat Centre, amene Louis van Loon, katswiri wa zomangamanga wobadwira ku Netherlands, anawatsegula mu 1980. Pali chifaniziro chachikulu cha Buddha atakhala chopinda miyendo, nyumba yosinkhasinkhira, ndi tinjira toyenda pansi. Nyama siphikidwa. Kuyambira usiku kufikira kadzutsa atatha, alendo salankhulana. Kwa munthu wokulira m'mudzi momwe kudutsa mnzako osapereka moni ndi mwano, chete ameneyu poyamba amalemera ngati thumba la chimanga.

Chibuda chinayamba ndi Siddhartha Gautama, amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko la Nepal la lero, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Iye anaphunzitsa kuti kuvutika kumadza chifukwa chokakamira zinthu zimene sizikhalitsa, ndi kuti pali njira yomasukira. Otsatira ake amalonjeza zisanu: kusapha, kusaba, kusachita chiwerewere, kusanama ndi kusaledzera. Palibe chimodzi mwa izi chimene agogo akadachikana.

Chimene chinandigwira mtima, komabe, ndi nkhani yakale ya Kisa Gotami, mayi amene anafika kwa Buddha atanyamula mtembo wa mwana wake, kupempha mankhwala. Buddha anamutuma kukapempha mbewu ya mpiru, koma ku nyumba imene sinaonepo maliro. Mayiyo anayenda khomo ndi khomo. Mpiru unalipo paliponse, koma nyumba yotereyo sanaipeze. Madzulo anakaika mwana wake m'manda. Ndinaimva nkhaniyi ndikuyang'ana midzi ya Azulu kumunsi kwa chigwa, kumene matenda a Edzi anasesa mabanja ambiri, ndi kumene bungwe la Woza Moya linayamba kuthandiza odwala ndi ana amasiye m'chaka cha 2000. Ndinakumbukira mudzi wathu m'zaka zomwezo, pamene makasu okumbira manda sankachita dzimbiri. Ndinazindikira kuti ndinkasenza chisoni changa ngati kuti ndine woyamba kuferedwa.

Sindinabwereko nditameta mpala kapena nditalandira dzina latsopano. Sindiwerama pamaso pa chifaniziro, ndipo mawu a chinenero cha Pali ondiphunzitsa aja ndinawaiwala ndisanafike n'komwe ku Durban. Miyendo yanga imakana kupindika, choncho ndimakhala pa mpando wamba. M'bandakucha, ndisanapite kuntchito, ndimawerenga mpweya wanga kuyambira 1 mpaka 10 ndi kuyambiranso, kwa mphindi 20. Maganizo akathawira ku Ntcheu, ndimawabweza mofatsa monga mbusa abwezera mbuzi yolowera m'dimba la eni. Madzulo, povundula nsima, ndimaika mtima wonse pa mthiko ndi pa nthunzi. Ndikamaliza ndimayimba nyimbo ya kutchalitchi imene mayi ankaikonda. Lamulungu ndimakapemphera monga kale.

Mbuda wokhwima anganene kuti ndatola zipatso n'kusiya mtengo, ndipo mwina sanganame. Nawonso amalume, atamva za ulendowu, anandiimbira foni. "Mphwanga, tamva kuti wayamba kugwadira mafano kumeneko. Mlongo wanga anakulera chotero?" Ndinayankha kuti, "Iyayi amalume, sindigwadira kanthu. Ndikungophunzira kukhala chete." Anakhala kaye duu, kenaka anati, "Chete wake ameneyo usaiwale naye kudzamanga chiliza." Ndinawalonjeza, ndipo ndalama ya simenti ndayamba kale kusunga.

M'zitunda za ku Ixopo mumaswana mbalame yosowa kwambiri, namzeze wabuluu, amene amamanga chisa chake m'maenje a pansi pakati pa udzu. Minda ya mitengo ikamadya udzuwo, malo ake amachepa, n'chifukwa chake eni malowa amasamala tchire lotsalalo. Mtundu womwewu umaswananso pa Nyika, kumpoto kwa Malawi, ndipo nyengo yozizira ikafika umaulukira kumadera ozungulira nyanja ya Victoria. Tsiku lomaliza ndinadikira nthawi yaitali m'mphepete mwa udzu, nsapato zitanyowa ndi mame, koma sindinaone ngakhale mmodzi. Belu la kadzutsa litalira ndinabwerera, ndipo usiku umenewo, m'kachipinda kanga ku Durban, ndinagona mpaka kunja kutayera.